Msana wa Ngaka, Pakamwa pa Gologolo

Padangokhala, kale lomwe, nyama zikulima minda ndi kupalana moto monga tichitira ife, kunagwa njala m'dziko la Mfumukazi Nungu. Mvula inakana zaka ziwiri. Chaka choyamba anadya za m'nkhokwe. Chaka chachiwiri anadya gaga ndi mizu, ndipo pomaliza anachita chimene mlimi sachita: anadya mbewu.

Chilimwe chitafika pachimake, Mfumukazi anaitanitsa msonkhano.

"Mvula ya chaka chino ibwera, mawondo anga akundiuza," anatero. "Koma idzagwera chiyani? Mapira ali kwa Nang'omba, mkulu wa nkhokwe za kumapiri. Ndi masiku khumi ndi awiri kupita, khumi ndi awiri kubwera. Ndikufuna awiri, wina wa msana, wina wa pakamwa."

Wa msana sanavute kupeza. Onse anacheukira Ngaka, mayi wamasiye wa ana awiri, wosalankhulalankhula, amene ankasenza nkhuni za mabanja atatu osadandaula. Wa pakamwa anadzisankha yekha. Gologolo, mlongo wamng'ono wa malemu mwamuna wa Ngaka, anali atalumphira kale pachitsa.

"Pakamwa ndi pano, Amayi! Ine ndinagulitsapo phulusa kwa mwini moto."

Onse anaseka, ngakhale kuti m'mimba munalibe kanthu. Mfumukazi sanaseke. "Pitani bwino, alamu awiri inu. Mukachedwa, mvula idzameretsa udzu wokha, ndipo chaka chamawa sipadzapezeka woitanitsa msonkhano."

Ulendo wopita unali wopepuka, poti anali manjamanja. Nang'omba anawamvera chisoni, nawathirira mapira m'thumba la mlaza mpaka kukhosi, nalimanga ndi luzi. Kenaka anawalangiza.

"Mbewu yopempha imaberekedwa ngati mwana. Pogona muziikoloweka m'mwamba. Isanyowe, chifukwa ikanyowa idzamera m'thumba ndi kuola. Ndipo isagunde pansi. Mbewu ikagunda nthaka, yasankha kwawo. Mwini nthakayo ndiye mwini wake, ndipo palibe bwalo limene lingakubwezereni."

"Nanga polandirana tizitani?" anafunsa Gologolo, diso lili pa kukula kwa thumba.

"Kwanu kulibe nyimbo ya amtengatenga?"

"Ilipo," anatero Ngaka motsitsa mawu. "Amayi anga ankaimba. Wosabereka amaimba, wobereka n'kumavomera. Nyimbo ikatha, katundu asintha msana."

Ndipo anamuphunzitsa mlamu wake pomwepo. Inali nyimbo ya ndime zitatu. Yoyamba inkanyengerera njira kuti ifupike. Yachiwiri inkatchula mayina a otsala kumudzi. Yachitatu inkauza katundu kuti atsike, wina amubereke. Pakati pa ndime iliyonse wobereka ankavomera ndi mawu awiri okha, olemera ngati mpumo wa munthu wokwera chitunda.

Woyamba kubereka anali Gologolo. Luzi linamudya m'mapewa, miyendo inanjenjemera, mchira umene ankanyadira unayamba kukwekwereza fumbi. Ngaka anaimba. Ananyengerera njira, natchula ana ake awiri ndi manda a mwamuna wake, nauza katundu kuti atsike. Basi, nyimbo yatha. Sanayende ndi mtunda woti mbale ya phala n'kuzizira.

Ngaka anabereka, Gologolo nayamba kuimba. Ndime yoyamba inadutsa bwino. Atafika pa yachiwiri, mapewa akumuwawabe, nzeru inamubwerera. Kodi otsala kumudzi ndi awiri okha? Anatchula Mfumukazi. Anatchula nduna zonse, akazi awo, ana awo ndi apongozi awo. Anatchula amene anasamuka ndi amene anathamangitsidwa. Atatha amoyo anayamba akufa, atatha akufa anayamba makasu awo, mitondo yawo ndi mayina a minda yawo. Ngaka ankangovomera mawu ake awiri aja. Dzuwa linakwera, linaima pamutu, linapendeka, ndime yachitatu osafika.

Pogona anakoloweka thumba panthambi.

"Yatalika lero nyimboyi," anatero Ngaka akudzisisita m'khosi.

"Ndi mudzi wathu waukulu, alamu. Ndisiye ndani? Amene ndingamusiye adzati ndamufera pakamwa. Tipitiriza mawa pamene talekezera."

Ngaka anamuyang'ana pang'ono, nagona.

Mumtima Gologolo anati: Mfumukazi ananena yekha, wina msana, wina pakamwa. Ndikulakwa chiyani? Komabe mawa ndimaliza.

Mawa linafika ndi dzuwa loswa mtengo, ndipo sanamalize. Mkucha wake sanamalizenso.

Tsiku lachitatu chigubu chawo cha madzi chinauma. Malilime anamata, mchenga unkawotcha ngati phale. Masana anafika pachitsime cha Njiri, mlonda wa madzi a dera limenelo. Njiri anali atadula mitengo yonse yozungulira chitsimecho, kuti wapaulendo asowe pokoloweka katundu.

"Takulandirani, amayi," anatero akuyang'ana thumba. "Madzi ndi aulere. Koma lamulo la pano n'lakuti aliyense amatsikira yekha m'chitsime, ndipo amatsika wopanda katundu. Tulani apa, pamchenga wanga wabwinowu."

Ngaka anameza mate amene panalibe. Gologolo anasuzumira m'chitsime, nakwinya mphuno.

"Ooh, ndiye chimenechi! Tiyeni alamu, tizipita. Ananena zoona aja."

"Ananena chiyani? Ndani?" anafunsa Njiri.

"Aa, musandifunse, achimwene, ine sindikonda miseche. Kungoti njira yonse akuti madzi a kwa Njiri ndi owawa, amanunkha m'kamwa mwa mwini wake. Akuti n'chifukwa chake mumatsitsira alendo pansi, kuti asawaone poyera."

Njiri anafwenthera fumbi. "Owawa? Madzi anga? Agogo anga anakumba chitsimechi ndi mano!"

"Ine sindikudziwa. Wodziwa ndi awa. Awa ndi wolawa madzi wa Mfumukazi Nungu. Koma satsika m'zitsime za eni, ndipo salankhula asanamwe zikho zisanu ndi ziwiri. Musavutike, tingokanena kuti mwini wake anakana kuti tilawe."

Njiri anatsika yekha m'chitsime, natuluka ndi chikho chodzaza. Anatsikanso, natulukanso, thukuta lili kamukamu. Ngaka anamwa ali chiimire, thumba lili kumsana. Gologolo anapempha chikho chimodzi kuti akhale mboni, ndi china chothira m'chigubu kuti akaonetse okayika. Pa chikho chachisanu ndi chiwiri Njiri anaima akupuma wefuwefu.

"Nanga bwanji, mayi?"

"Ndi okoma," anatero Ngaka. "Zikomo kwambiri, bambo."

Ananena kuchokera pansi pa mtima, ndipo Njiri anawaperekeza mpaka pamphambano akumwetulira. Mpaka atabwerera pachitsime m'pamene anakumbukira za thumba.

"Mwaona, alamu?" anatero Gologolo akuvina m'njira. "Pakadapanda ine bwenzi mbewu ili kwa Njiri."

"Zoona, mlamu wanga. Wachita bwino."

"Ndiye pakamwa pagwira ntchito yake. Tinalekezera pati? Eya, pa azakhali a nduna Gondwa."

Ndipo anapitiriza ndime yachiwiri. Ngaka anavomera.

Anayenda tsiku lachinayi ndi lachisanu. Gologolo ankayenda kumbuyo, mchira atauvundikira pamutu ngati ambulera, ndipo poti anali kumbuyo ankaona zonse. Anaona kuti mamba a m'mapewa mwa Ngaka ayamba kutukuka. Anaona kuti luzi lasintha mtundu, lada ndi magazi. Anaona kuti mlamu wake wayamba kuyenda chowerama, manja atawagwirizanitsa pachifuwa ngati wopempha. Mawu awiri ovomera aja anayamba kuchedwa kubwera.

Mawa ndimaliza, anatero mumtima. Lero kwatentha kwambiri, ndipo ine thupi langa ndi laling'ono.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mphepo inaima, kunja kunachita chifundizi. Chakumasana mitambo inadetsa kum'mawa, mabingu nayamba kugunda patali.

"Chizimalupsa icho," anatero Ngaka. "Tipeze denga."

Anathamangira m'mudzi wa Ankhanga madontho oyamba akugwa. Amayi a m'mudzimo ataona thumba la mlaza anadziwa chimene chinali m'kati, poti Nkhanga amamva fungo la mapira ngakhale ali m'tulo. Anatuluka onse ndi nthungululu, patsogolo pali Nankungwi wawo.

"Alendo! Alendo! Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bweretsani katunduyo tikulandireni!"

Apa panali povuta. Mlendo sakaniza katundu kwa womulandira, kukana n'kutukwana mudzi wonse, ndipo wotukwana mudzi sapatsidwa denga. Koma womulandira akangoti thumba pansi kuti phi, mbewu yapita. Manja khumi anali atagwira kale luzi. Ngaka anaima ngati chitsa, osadziwa chochita.

Mwadzidzidzi Gologolo anadzigwetsa pansi, nayamba kubuma maliro.

"Mayo ine! Achimwene anga ine! Onani, apezeka okunyamulani! Landirani amayi, landirani, Mulungu akudalitseni!"

Manja anaima.

"Muli chiyani m'thumbamu?" anafunsa Nankungwi.

"Mafupa a achimwene anga, amuna a alamu angawa. Anafera kutali, ndiye tikukawaika kwawo. Tawathira mapira pang'ono pamwamba kuti asamve njala m'njira. Inu mukudziwa mwambo, amayi, wolandira maliro ndiye mdzukulu. Mukatisenzera mpaka kumanda, masiku asanu ndi limodzi okha, ndipo mukakumba ndinu. Anafa ndi nthenda yothothola nthenga, koma akuti sipatsirana kwenikweni."

Manja onse anabwerera m'mapiko. Nankungwi anabwerera m'mbuyo mapazi atatu.

"Pepani ndi zovutazi. Ife tikadakonda, koma tili ndi chinamwali mawa. Kuli chigafa cha fodya kuseri uko, sichidontha. Mukakoloweke malemuwo pamtanda."

Anakoloweka thumba pamtanda wa chigafa, mvula nikhuthuka kunja, mphezi zikung'anima. Gologolo anagubuduka ndi phwete.

"Munamuona Nankungwi? Nthenga zinachita kumuimirira! Alamu, simukuseka?"

Ngaka anali atakhala chofulatira, akuyang'ana madzi otsika m'denga.

"Mbewu waipulumutsa, mlamu," anatero. "Koma achimwene ako ukadawasiya agone. Ndinawaika ndi manja angawa, ndipo sanafe ndi nthenda yoseketsa. Ankandipatsa gawo lawo n'kumanama kuti adya kale."

Gologolo analeka kuseka.

"Ndiponso pakamwa pamalaula," anawonjeza Ngaka. "Wanena kuti tanyamula maliro."

M'mawa mwake manyazi anamugwira Gologolo. Anafikitsa nyimbo ku ndime yachitatu mothamanga, nabereka thumba. Ngaka anawongola msana kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi limodzi, mafupa ake nalira. Kenaka anaimba. Ananyengerera njira, natchula ana ake awiri ndi manda a mwamuna wake, nauza katundu kuti atsike.

"Mwamaliza kale?" anafunsa Gologolo. "Wonjezaniko mayina, alamu."

"Amayi anga ankatchula okhawo amene mtima ukuwalira. Ine anga ndi omwewo."

Anatambasula manja, nalandira thumba. Gologolo anamva kupepuka kwa mapewa ake, ndipo kupepukako kunamukomera kuposa mmene manyazi anamuwawira. Dzuwa la pambuyo pa mvula linatuluka laukali, nthaka ikufuka nthunzi. Anayamba ndime yoyamba, nalowa yachiwiri. Anati atchule ochepa okha. Koma lilime lozolowera njira silifunsa mwini wake. Linatchula Mfumukazi, linatchula nduna, ndipo dzuwa linalowa ali pa mitondo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Ngaka anapunthwa kawiri. Kachiwiriko anagwada, koma anagwira thumba ndi mchira kuti lisagunde pansi, nadzuka yekha.

"Muli bwino, alamu?"

"Imba, mlamu. Ukasiya, miyendo imaiwala."

Tsiku lachisanu ndi chinayi Gologolo anadzuka atatsimikiza. Lero ndimaliza. Kungoti dzuwa liyambe lapendeka, ndidzabereke kukuzizira.

Dzuwa silinapendeke. Linamezedwa ndi mtambo wakuda bii, ali pakati pa dambo lopanda mudzi, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mphepo inabwera yozizira ngati ya m'manda. Bingu loyamba linadula nyimbo pakati pa dzina.

"Thamangani, alamu! Chulu icho, chili ndi una!"

Gologolo analowa muuna kuti psiti. Ngaka anafika pakhomo pake, nayang'ana kukula kwa una, nayang'ana thumba.

"Silingalowe osakhudza dothi."

"Ndiye litayeni! Moyo ndi wofunika!"

"Moyo wa ndani?" anafunsa Ngaka.

Anamasula luzi, nakokera thumba pamimba. Anagona chagada, nalikumbatira ndi manja ndi miyendo, napinda mutu, nakulunga mchira pamwamba, mpaka anasanduka mpira wa mamba wopanda polowera ngakhale nyerere. Pansi panagunda msana wake wokha, msana wa zilonda uja.

Kenaka kumwamba kunang'ambika. Inayamba ndi matalala aakulu ngati mazira a njiwa. Gologolo ali muuna ankamva akugunda pa mamba, kho, kho, kho, ngati akusula khasu. Atatha matalala inabwera mvula yeniyeni. Madzi anadzaza dambo, nayamba kuyenda, ozizira, akukokolola zinyalala. Mphezi ikang'anima ankaona mpira uja uli pomwepo, madzi akuuzungulira mpaka pakati. Anafuula dzina la mlamu wake, koma ndani akadamva? Anatulutsa mutu kawiri, matalala namubweza. Kachitatu sanayesenso.

Mvula inakata dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Gologolo anatuluka, nadumpha m'matope mpaka pamene panali Ngaka. Mamba ena anali atasweka, ena atathothoka.

"Alamu! Yatha mvula. Tambasukani."

Zii.

"Alamu, ndine. Tambasukani ndione."

Mawu anatuluka m'kati mwa mpira, aang'ono ngati a mwana wa mbewa.

"Nyimbo sinathe, mlamu."

"Zisiyeni za nyimbo! Ndipatseni thumba, ndibereka ine mpaka kumudzi."

"Nyimbo ikatha, katundu asintha msana. Sinathe. Ikadali nthawi yanga."

Gologolo anakoka mchira, anakanda mamba, analowetsa zala m'mphepete. Koma Ngaka akadzikulunga, ngakhale Mkango umangomusiya. Anaika khutu pa mamba, namva mpweya ukutuluka mwapatalipatali, ngati wa munthu amene watsala ndi ntchito imodzi yokha padziko. Pamenepo Gologolo, amene ankazindikira zinthu msanga kuposa nyama zonse, anazindikira ichinso: chimene chinkamugwira mlamu wake kuti asapite ndi thumba lija. Akangolipereka, palibenso chomugwira.

Anakhala pansi m'matope, nayamba kuimba.

Ananyengerera njira kuti ifupike. Analowa ndime yachiwiri, natchula Mfumukazi. Anatchula nduna, akazi awo, ana awo ndi apongozi awo. Anatchula osamuka ndi othamangitsidwa, amoyo ndi akufa, makasu ndi mitondo. Tsopano sankatalikitsa chifukwa cha mapewa ake. Mayina atatha anayambiranso. Mawu anasasa, misozi inkalowa m'kamwa, koma sanaleke. M'kati mwa mpira munkachokera mawu awiri ovomera aja, ulendo uliwonse ochepera kuposa poyamba.

"Mlamu."

"Ndikuimba, alamu, musalankhule. Atsala ambiri."

"Azakhali a Gondwa wawatchula katatu."

Gologolo anadukiza nyimbo.

"Nyimboyi ndinakuphunzitsa ndine," anatero Ngaka. "Ndikudziwa kutalika kwake."

"Munkadziwa? Masiku onsewa?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Nanga bwanji simunanene? Bwanji simunandikalipire?"

"Achimwene ako pomwalira anati, kamlongo kanga kaja n'kopanda mphamvu, uzikasunga. Ndiponso unkaimba bwino. Ukamatchula mayina ndinkawaona onse, ngati ndikudutsa pakati pa mudzi. Koma tsiku limodzi lokha, mlamu. Ukadandipatsa tsiku limodzi lathunthu, bwenzi mvula iyi itandipeza ndi mphamvu."



"Ndatopa," anatero Ngaka. "Mbewu ikufunda ndi thupi langa, ndipo ndikazizira idzachita chinyezi. Maliza."

"Sindingathe."

"Ndime yachitatu ndi yaifupi. Maliza, mwana wa apongozi anga."

Ndipo Gologolo anaimba ndime yachitatu. Anauza katundu kuti atsike, wina amubereke. Anaiimba pang'onopang'ono monga akadathera, koma ndime ya mizere iwiri singatalike kuposa mmene ilili. Itatha, Ngaka anavomera mawu ake awiri. Mchira unamasuka, mutu unatuluka, manja anatambasuka. Thumba linali louma ngati latuluka kumene m'nkhokwe.

Gologolo analinyamula, nalibereka, namanga luzi lamagazi lija m'mapewa mwake. Pamene ankacheuka kuti anene kuti lakhala bwino, Ngaka anali atapita.

Panalibe mtengo wokolowekapo thumba, choncho anakumba manda ali chiberekere. Anakumba ndi zala m'mbali mwa chulu, pamene madzi sanafike. Atakwirira, anamasula kukamwa kwa thumba, natapa njere zitatu, nazikwirira kumutu kwa manda.

"Izi zasankha kwawo," anatero. "Mwini nthaka ino ndinu."

Masiku atatu otsalawo anayenda yekha. Dzuwa linabwerera ngati silinachite kanthu. Luzi linadya ubweya, linadya khungu, linafika pamnofu. Akagwa ankagwa chafufumimba kuti thumba likhale pamwamba. Mitambo ikadetsa ankakwera mumtengo wa mphako ndi katundu yense, zikhadabo zikuzuka. Anadutsa apaulendo ena amene anamufunsa kuti, "Mayi, bwanji osapumulako?" Iye ankayankha kuti, "Woimba palibe." Iwo ankangoyang'anana, osamva. Koma iye ankadziwa: popanda woimba nyimbo singathe, ndipo nthawi yake yobereka inalibe malire.

Analowa m'mudzi tsiku lakhumi ndi chiwiri, mitambo ya mvula yobzalira itasonkhana kale. Mudzi wonse unathamanga ndi nthungululu. Mfumukazi Nungu anayala mphasa pabwalo, nalandira thumba ndi manja ake, naliika pansi pa nthaka ya kwawo. Anapisa dzanja, natulutsa mapira ouma, osamera, osaola.

"Pakamwa pabwera," anatero Mfumukazi. "Nanga msana uli kuti?"

Ana awiri a Ngaka anali ataima kutsogolo, akusuzumira njira kuseri kwa azakhali awo.

Bodza linali lokonzeka kale palilime la Gologolo, labwino, losalala: mphezi inagwa mwadzidzidzi, palibe akadachitapo kanthu. Aliyense akadakhulupirira. Analimeza.

"Alamu agona pachulu cha m'dambo, ulendo wa masiku atatu kuchokera pano. Anaphimba mbewu ndi thupi lawo."

"Munkalandirana?" anafunsa Mfumukazi, maso ali pa luzi.

"Iwo anabereka masiku asanu ndi anayi. Ine ndinkaimba."

"Nyimbo ya amtengatenga ili ndi ndime zitatu."

"Ine ndinkaimba ziwiri, Amayi."

Nduna Gondwa inatsegula pakamwa kuti itchule chilango, koma Mfumukazi anakweza dzanja. Anayang'ana mapewa a Gologolo, nayang'ana ana aja, nayang'ana kumwamba.

"Mvula sidikira milandu. Gawani mbewu. Gawo loyamba ndi la nyumba ya Ngaka. Munda wake ulima ndiwe, Gologolo, chaka chino ndi zaka zonse, mpaka anawa adzagwire khasu."

"Ndamva, Amayi."

Mvula inagwa tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake mudzi wonse unali m'minda. Mapira anamera, anakula, anabereka, njala nitha. Pa chikondwerero cha masika anamupempha Gologolo kuti aimbe nyimbo imene inabweretsa mbewu. Anaimirira, natsegula pakamwa, koma panangotuluka kamawu kamodzi kodukaduka. Anayesanso, kanatuluka komweko. Mwana wamkulu wa Ngaka anamugwira dzanja, namukhazika pansi.

Mpaka lero Gologolo saimba. Amangoti tcheke, tcheke, ngati munthu woyamba dzina n'kulekeza pakati. Ndipo akapeza njere, sadya zonse. Zina amakumba pansi n'kukwirira, n'kuchokapo osabwereranso. Anthu amati ndi woiwalaiwala. Saiwala ayi. Akupereka kwa mwini nthaka.

Yanga ndaifikitsa ku ndime yachitatu. Katundu atsike, wina abereke.